Wotikita saona fupa

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndakatulo ndi nkhani zachikondi zipume kaye. Ine ndabwera ndi mkangano. Nkhani yake ndi ya mawu awiri amene tawathira m'thumba limodzi ngati nyemba ndi miyala: masaji ndi mafizo. Kuno ku Kasungu munthu akabinya phazi ku mpira, akagwa pa kabaza, kapena msana ukamugwira ponyamula belo la fodya, amafunsa kuti, "Ndipite kwa wotikita kapena ndikapange mafizo?" ngati akusankha mtundu wa sopo pa okala. Ndipo ambiri amathera kwa wotikita, poti ali pafupi, ndi wotchipa, komanso manja ake amakoma. Ine ndikuti kusankha kumeneku kukutipundula, ndipo pali anthu amene akudyerapo.

Ndiyambe ndi kupereka ulemu pamene ukuyenera. Kutikita si bodza ayi. Ine ndimagulitsa nyemba, mtedza ndi soya mumsika; tsiku lonse ndi kuwerama, kukweza ndowa, kukoka thumba, kukhala pa kampando kopanda potsamira. Pofika madzulo mapewa amakhala ngati wina wamangiramo njerwa. Mng'ono wanga akanditikita ndi timafuta, ndimagona tulo tabwino. Agogo athu ankathowa ndi kansalu konyika m'madzi otentha, ndipo thupi lotopa ndi khasu linkamasuka ndithu. Wosewera mpira akathamanga mphindi 90, akatumba amauma gwa, ndipo kuwakanda kumachepetsa kuphwanya kwa mawa lake. Ngakhale matimu akuluakulu a ku England amene timakanganirana m'mavidiyo sho ali ndi anthu awo otikita. Koma kumeneko wosewera akavulala, amayamba wamuona dokotala ndi wa mafizo, ndipo wotikita amadikira kuuzidwa kuti apa gwira, apa usayerekeze. Kwathu kuno zinatembenuka. Wotikita ndiye amayamba, ndiye amagamula chimene chavuta, ndiye amapereka mankhwala, ndipo kuchipatala timapita zitathina.

Mnofu wotopa ndi chinthu china, thupi lovulala ndi chinthu chinanso. Dzanja la wotikita limamva kutupa ndi kuuma, koma siliona zimene zili pansi pa khungu.

Tiyeni tipite ku bonanza, kaya ndi ku Chamama, ku Santhe kapena ku Chatoloma. Galaundi yake mukuidziwa: munda wa chaka chatha, mizere ikuonekabe, ena avala nsapato ena ayi. Mnyamata walumphira mpira wa m'mwamba, potera phazi lapindika, wagwa akukuwa. Pomwepo amathamanga munthu uja timamutcha "dokotala wa timu", chigubu cha madzi dzanja lino, chubu cha Deep Heat dzanja linalo. Agwira phazi, alikoka, alipotoza uku ndi uku, akuti akubwezeretsa mtsempha m'malo mwake. Apaka mafuta otentha, akanda mwamphamvu, ammenya pamsana: "Dzuka mwamuna, timu ikudalira iwe." Anthu m'manja phaphapha.

Chimene chachitika m'kati ndi ichi. Timitsempha tomanga mafupa a pakakolo tang'ambika, ndipo timisempha ta magazi tikuchucha m'katimo. Kutupa kumene mukuona ndi komweko. Mukakanda ndi kutenthetsa, magazi amathamangira pomwepo, kutupa kumawonjezeka, bala la m'kati limakula. Pa masiku awiri kapena atatu oyamba, phazi lotere limafuna kupuma, kuziziritsidwa, kumangidwa bandeji yosathina, ndi kusanjikidwa pamwamba munthu atagona. Musati kumudzi kulibe madzi oundana. Mafilizi amene ana akugulitsa pa galaundi pomwepo, mutawakulunga m'kansalu ndi kuwaika potupapo, athandiza kuposa chubu chija.

Ndipo mwina sikubinya chabe. Madokotala a ku Ottawa, ku Canada, anakonza kanjira kosavuta kodziwira phazi lofunika kujambulidwa: ngati munthu sangathe kuponda ngakhale mapazi anayi, kapena mukadina pa fupa lenilenilo la kakolo akudumpha ndi ululu, ameneyo apite akajambulidwe ekisire. Palibe chovuta apa, ngakhale mwana wa sitandade 8 angaloweze. Koma "dokotala wa timu" sanazimvepo. Iye fupa losweka amalikanda tsiku ndi tsiku, nsonga zake zikukhulana, mpaka lidzagwirana mokhota. Fupa limene likanapola m'chikhakha pa masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono, tsopano likufuna opareshoni ku Kamuzu Central. Ndipo mnyamata amene ankalota zovala jezi ya Silver Strikers kapena Bullets mumamupeza akutsimphina pa depoti, akuitanira minibasi.

Za ana ndiye zimandiwawa kwambiri. Nyengo ya mango ikafika, ana amagwa m'mitengo ngati mango omwewo, ndipo pothyoka kawirikawiri ndi pamwamba pa chigongono. Pamenepo pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi opita ku dzanja. Makolo athamangira kwa wodziwa kulunga mafupa, iye atema mphini, apaka mankhwala, amanga timitengo ndi luzi mothinitsa. Mkono ukutupa, luzi silikufutukuka, magazi aima. Mwana akulira usiku wonse, akulu akuti ndi mankhwala akugwira ntchito. Zala zikazizira ndi kuyamba kuda, nthawi yatha kale: dzanja limauma mopindika moyo wonse, mwinanso kudulidwa kumene. Ena amapulumuka pamenepo, koma chigongono chimene chakhala chikukandidwa ndi kuwongoledwa mokakamiza chimatha kumera ngati kafupa m'kati mwa mnofu, n'kuuma osapindikanso. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, dzanja lolembera. Mwati tizingoti ndi tsoka?

Pali zinanso zimene anthu samazidziwa, ndipo ndikufuna muzimve bwino inu amayi anzanga. Mwendo umodzi ukatupa pa katumba, ukutentha, ukupweteka, makamaka kwa mayi amene wangochira kumene, kapena munthu amene wakhala masiku awiri m'basi yochokera ku Johannesburg, mwina magazi aundana mu mtsempha. Kukanda mwendo umenewo kungasunthe chibuma cha magazicho n'kuchitumiza ku mapapo, ndipo munthu amatha kufa tsiku lomwelo. Msana nawo: si msana uliwonse umene ndi wa ntchito. Munthu amene msana ukumupweteka miyezi, akuwonda, akutuluka thukuta usiku, akhoza kukhala ndi TB ya msana, imene imadya mafupa mpaka miyendo kufa. Ndipo amene msana wake wabwera ndi dzanzi m'miyendo, kapena mkodzo wayamba kumupulumuka, ameneyo ndi wa chipatala lero lomwe, osati mawa. Koma ife timamugoneka pamphasa, wina amuponda pamsana ndi mapazi, fupa likalira kuti "thwa" tonse tisangalala eti walowa m'malo.

Tsono wa mafizo amasiyana pati? Nayenso amagwira ndi manja, nthawi zina amatikita ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti asanagwire amayamba wafunsa: munagwa bwanji, liti, ululu umabwera mukatani, usiku mumagona? Amakuyendetsani, amapinda bondo, amayesa mphamvu ya mwendo uno ndi winawo. Anaphunzira zaka zingapo za mafupa, minofu ndi mitsempha, ndipo chachikulu chimene anaphunzira ndi kudziwa pamene ayenera kunena kuti, "Izi si zanga, pitani mukajambulidwe, mukaonane ndi a mafupa." Wotikita wa pa tauni sindinamumvepo akubweza kasitomala. Angabweze bwanji, pamene chakudya chake chili pa msana wanuwo?

Akatha kuyeza, wa mafizo amakupatsani ntchito. Apa ndi pamene timadana naye. Ife tinaleredwa kuti mankhwala ndi jakisoni, ndi mapiritsi a mitundu iwiri, ndi chinthu chonunkha chimene chimatentha pakhungu. Munthu akabwera kuchipatala amadandaula kuti, "Aaa, sanandipatse kanthu, angondiuza zokweza mwendo kakhumi m'mawa ndi madzulo." Ndiye popita kwawo adutsira mumsika kugula indosidi wa pa benchi, n'kumameza pamimba yopanda kanthu mpaka zilonda za m'mimba. Chilungamo chake, timafuna kuchira titagona chafufumimba wina akutisisita. Mafizo amapweteka, amachedwa, amatopetsa, ndipo palibe amene angakupangireni. Koma mnofu umene wakhala mwezi ndi theka m'chikhakha umafota, mfundo imauma, ndipo palibe mafuta padziko lino amene angaubwezere mphamvu. Umabwerera pougwiritsa ntchito, pang'onopang'ono, motsatira muyeso. Bondo limene mtsempha wake wa m'kati unaduka, lija limangogonja munthu akatembenuka, mungalikande chaka chathunthu. Likufuna kulimbitsa ntchafu, ndipo nthawi zina opareshoni.

Pa sitiroko ndi pamene kusiyanaku kumaoneka poyera. Mayi wina amene tinkayandikana benchi, wogulitsa tomato, amuna awo anagwa ku munda ndi BP, mbali imodzi n'kufa. Atatuluka m'chipatala anauzidwa kuti azibwera ku mafizo. Achibale anakhala pansi n'kugamula kuti matendawa ndi a kwa anthu. Ndalama za fodya za chaka chimenecho zinathera ku mphini, ku zitsamba, ndi kwa mnyamata wina wa chikwama amene ankabwera pa njinga kudzawatikita kawiri pa sabata, n'kumawakoka mkono wakufawo mpaka phewa linayamba kupweteka kuposa matenda. Bambowo ankangogona, kudyetsedwa, kusambitsidwa, kutembenuzidwa. Pamene ankaganiza zobwerera kuchipatala, chaka chinali chitatha, dzanja litafumbata, mwendo utauma. Chimene palibe anawauza mowamvetsa n'chakuti vuto la sitiroko lili mu ubongo, osati mu mkono. Ubongo umaphunziranso munthu akamayesa yekha kukhala tsonga, kuimirira, kugwira kapu, kuponya phazi, ndipo miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba ndi imene umaphunzira mwachangu. Miyezi imeneyo anaidya wotikita. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pano si mwambi chabe, munthu amakwawadi.

Ndikumva kale ena mukuti, "Mayi inu mukulankhula ngati wa ku Area 47. Wa mafizoyo ali kuti? Munthu wa ku Chulu kapena ku Wimbe akamupeza ndi chiyani?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindilithawa. Boma la Kasungu ndi lalikulu, pa kalembera wa 2018 tinapitirira anthu 800,000. Kuchoka kumalire a nkhalango kufika pa boma ndi ulendo wa ndalama, ndipo munthu wothyoka mwendo sakwera kabaza ngati ine ndi inu. Kuchoka pa boma kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa M1. Mafizo si ulendo umodzi, amafuna kubwerera. Ndipo anthu ophunzira ntchitoyi ndi ochepa m'dziko muno, chifukwa tinachedwa kuyamba. Digiri ya physiotherapy inayamba kuphunzitsidwa ku College of Medicine ku Blantyre mu 2010, sukulu imene pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Taganizani: dziko linalandira ufulu mu 1964, koma kwa zaka zoposa makumi anayi wofuna digiri imeneyi amayenera kutuluka kunja.

Koma tisanamizirenso kuti kulibiretu kalikonse. Bungwe la Malawi Against Polio, limene pano ndi Malawi Against Physical Disabilities, MAP, linayamba mu 1979, ndipo ku Kachere ku Blantyre anthu ofa ziwalo akhala akuthandizidwa kuyambanso kuyenda. Kuyambira mu 1985 dziko lino limaphunzitsa makiliniko ofesala a mafupa, ndipo ndi amenewa amene amaika zikhakha m'zipatala za maboma. Beit CURE inatsegulidwa ku Blantyre mu 2002 ndipo imawongola miyendo ya ana. Ku Kamuzu Central kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION mu 2023. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika amawongoledwa ndi zikhakha zosinthasintha sabata ndi sabata ali wakhanda, njira ya Ponseti, popanda kumukanda kapena kumutema mphini. Kuno kwathu, kupatula chipatala chachikulu cha pa boma, kuli cha St Andrews ku Mtunthama ndi cha mishoni ku Nkhamenya, malo oti munthu angayambirepo kuonedwa ndi kutumizidwa koyenera. Khomo loyamba lilipo. Kungoti ife timalizungulira.

Ndipo poti ndine wa bizinesi, tiyeni tiwerengere monga timachitira pa benchi. Wotikita amaoneka wotchipa chifukwa mumalipira pang'onopang'ono, lero kandalama, mkuja kandalama, nkhuku pamwamba. Phatikizani miyezi inayi. Onjezani masiku amene simunapite ku munda, fodya akupsa m'mizere osathyoledwa, aganyu amene mwalemba m'malo mwanu. Onjezani ulendo wa ku Lilongwe umene mudzayendabe pamapeto, tsopano ndi wokudikirirani, chakudya, ndi masabata ogona m'wodi. Yerekezani ndi ulendo umodzi wa pa boma tsiku loyamba lomwe, chithunzi chimodzi, chikhakha chimodzi, ndi wa mafizo kukuonetsani zoti muzikapanga kunyumba ndi mpando, thaulo ndi botolo la mchenga. Ine katundu wotchipa wa mtundu umenewo sindipikula.

Mkwiyo wanga waukulu, komabe, suli pa odwala. Munthu wa ululu amagwira chilichonse chimene chili pafupi. Uli pa anthu atatu.

Oyamba ndi aja amene amatulukira msika wa fodya ukatsegulidwa. Chinkhoma ikangoyamba kulira, ndalama zikalowa m'matumba a alimi, m'matauni mwathu mumamera timaofesi ta chipinda chimodzi: katani, bedi, kamakina konjenjemera, chithunzi cha mafupa a munthu pakhoma, ndi mnyamata wovala gawuni yoyera amene akudzitcha dokotala. Ena ali ndi kachipangizo koti mukagwira, kompyuta ikuuzani matenda onse a m'thupi, ndipo mwamwayi mankhwala ake ali nawo pa shelefu pomwepo. Pachikwangwani alemba "physio". Abale anga, physio si dzina longotola. Wa mafizo weniweni amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi ndipo amakhala ndi chiphaso. Mufunseni akuonetseni. Akakwiya, nyamukani ndi msana wanuwo. Ngati ntchito yako ndi kutikita, lemba kuti umatikita, ndipo ine ndemwe ndibwera Loweruka mapewa akandilemera. Koma usagwire fupa la mwana wa mnzako ndi dzina lakuba.

Achiwiri ndi eni minda ikuluikulu ya fodya. Ntchito ya fodya ndi ntchito ya msana kuyambira ku nazale mpaka ku okushoni: kutunga madzi ndi makheni, kuwerama pothyola, kukhala pansi posoka, kukwera m'chigafa, kudinda ndi jeke, kukweza pa ngolo belo la makilo 100. Tenanti akapweteka, abwana amamugulira kachubu ka mafuta ndi mapiritsi, n'kulemba m'kabuku kuti adzadule pa malipiro. Thirakitala ikawonongeka amaitana makaniko kuchokera ku tauni tsiku lomwelo. Munthu akawonongeka, amuuza mnzake amuponde pamsana. Galimoto imene imanyamula mabelo kupita ku Chinkhoma singalephere kunyamula munthu mmodzi kupita kukajambulidwa.

Achitatu, ndipo awa ndiwatchule mokweza, ndi andale a zikho. Chisankho chikamayandikira, dera lililonse limakhala ndi chikho cha mpira wa miyendo ndi wa manja. Ma jezi, mipira, zoimbira, ma envulopu, dzina la bwana pa chinsalu chachikulu. Ndaonera mafainolo ambiri ndithu, koma sindinaonepo bokosi la bandeji pambali pa galaundi, kapena munthu mmodzi wophunzitsidwa chithandizo choyamba, kapena galimoto yodikira wovulala. Mwana wa eni akathyoka pa chikho chanu, bwana, amanyamulidwa pa njinga ndi anzake inu mukupereka mphoto. Ndalama ya mbuzi ya nambala 3 ija ingakwanire kuitana wa zaumoyo tsiku lonse. Ndipo m'malo motiuza kuti mwagula mipira ingati, tiuzeni kuti ku Nyumba ya Malamulo munafunsa liti Unduna wa Zaumoyo za kulemba ntchito achinyamata amene amaliza maphunziro a mafizo, ndi za kuwapatsa njinga yamoto kuti kamodzi pa mwezi azifika ku zipatala zazing'ono za kumidzi. Wodwala sitiroko wa ku Chulu sangakwanitse kubwera pa boma sabata iliyonse, koma wa mafizo mmodzi akhoza kupita ku Chulu n'kuphunzitsa mabanja khumi tsiku limodzi, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo amene ali kale m'midzimo. Katemera amafika kumudzi. Sikelo ya ana imafika kumudzi. Ichi chokha chikukanika pati?

Nanu aphunzitsi a matimu a m'midzi, inu amene mumagulitsa nkhuku zanu kuti ana apeze mpira, sindikukunyozani. Koma "dokotala wa timu" wanu mumupatse malire. Atunge madzi, akande akatumba mpira ukatha, azikumbutsa anyamata kutenthetsa thupi asanalowe. Wina akagwa n'kulephera kuponda, masewero ake atha tsiku limenelo, ngakhale ikhale fainolo, ngakhale akhale yekhayo wodziwa kugoletsa. Ndipo pa ndalama imene mumasonkha ya thiransipoti ya timu, patulani kenakake ka ulendo wa kuchipatala.

Pa 8 September chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku la physiotherapy. Kumeneko ku mizinda amaguba ndi ma T-sheti. Ine ndikupempha kuti chaka chino wina abwere ndi tebulo aliike pakhomo la msika wa Kasungu, pakati pa ogulitsa kaunjika ndi a kabaza, ationetse kanyamulidwe ka thumba kosathyola msana, ndiponso ationere mawondo athuwa. Malo ndidzawasungira ndine, pafupi ndi benchi yanga ya nyemba.